Chigamulo chili m'kabati, sitima zili pamadzi

Akonzi,

Nkhani ya mkangano wa pa nyanja yamchere ya South China Sea mumaipatsa malo ochepa, ndime ziwiri kapena zitatu kunsi kwa chithunzi cha sitima yankhondo, kenako zii mpaka mwezi wina. Koma ikangotuluka, akuluakulu anzanga pabwalo la bawo kuno ku Senga Bay sachedwa kulosera. Ati chaka chino sichitha China ndi America asanathirane zipolopolo. Ine ndimatsutsa, ndiye ndipatseniko malo ndifotokoze. Ntchito yanga mpaka kupuma inali ya ulangizi wa zausodzi m'madoko a nyanja yathu, ndipo kumeneko ndinaona kuti pamadzi sukumbirapo mwala wa malire. Madzi amakhala a amene boti lake likuyandamapo lero, mawa ndi mkuja. A China akuzidziwa bwino zimenezi. Masiku ano nkhondo sakuifuna chifukwa zimene akufunazo akuzitenga kale osawomba mfuti.

Gwero la mkanganowu ndi mapu. Mu 1947 boma la Kuomintang, limene linkalamulira China nthawi imeneyo, linasindikiza mapu okhala ndi timizere 11 todukizadukiza tozungulira pafupifupi nyanja yonseyo. Achikomyunizimu atalanda boma mu 1949 anatengera mapu omwewo, pambuyo pake n'kufufutapo timizere tiwiri, ndipo mu 2009 anakawapereka ku United Nations ali ndi timizere 9. Mzerewo umatsika makilomita oposa 1,500 kuchokera ku gombe la China, n'kukadutsa pakhomo penipeni pa Vietnam, Malaysia, Brunei ndi Philippines. Pamene pangano la malamulo a panyanja, limene mayiko anasainirana ku Montego Bay m'dziko la Jamaica mu 1982, limanena zina. Makilomita 22 kuchokera pagombe ndi madzi ako enieni. Mpaka makilomita 370, nsomba, mafuta ndi gasi ndi zako, ngakhale sitima za ena zili ndi ufulu wodutsa. Philippines inavomereza panganoli mu 1984, China mu 1996. America, imene imafuula kwambiri za lamuloli, nyumba yake ya Senate sinalivomerezebe mpaka lero. Tisamaiwale zimenezo tikamamvera odzudzula anzawo.

Amene akufuna kuona mmene nyanja imalandidwira ayang'ane pa Scarborough Shoal. Si chilumba choti munthu n'kumangapo nyumba ayi. Ndi mpanda wa matanthwe wozungulira dziwe lalikulu, ndipo madzi akadzaza pamangotsala timiyala tochepa tosuzumira kunja. Malowa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 220 kuchokera ku chilumba cha Luzon cha dziko la Philippines, pomwe kuchokera ku gombe la China ndi makilomita oposa 800. Kwa msodzi dziwe lotere ndi moyo. Nsomba zimaswerana mmenemo, ndipo namondwe akauka maboti amathawiramo. Amene anapezekapo pakati pa nyanja mwera utakwiya akudziwa kufunika kwa pobisala.

Mu April 2012 sitima yankhondo ya Philippines inapeza maboti 8 a asodzi a ku China m'dziwemo. Asilikali atakwera m'mabotiwo anapeza nkhono zikuluzikulu za m'nyanja, makorali ndi shaki zamoyo. Asanamange munthu, sitima ziwiri za boma la China zinafika n'kuima pakati. Anatuzulirana maso choncho kwa miyezi iwiri. Apo n'kuti nthochi za ku Philippines zikuwolera pamadoko a ku China, ati zapezeka ndi tizilombo, ndipo makampani otengera anthu kokaona malo ataimitsa maulendo a ku Philippines. Mu June, nyengo ya anamondwe itafika, a Philippines anachotsa sitima zawo. Iwo amati panali mgwirizano, umene a America anathandiza kuluka, woti mbali zonse ziwiri zichoke. A China amati iwo sanalonjeze kanthu. Chimene tonse tikuona n'chakuti sitima za China zikadali pomwepo, ndipo America sinatumize msilikali ndi mmodzi yemwe kukazichotsa.

Asodzi a ku Masinloc, tauni ya pagombe la Luzon, amene makolo awo ankapha nsomba m'dziwe limenelo, tsopano amathera kunja kwa mpanda. Mu September 2023 a China anatchinga khomo la dziwelo ndi chingwe cha mipira yoyandama chotalika mamita 300. Kanema amene alonda a panyanja a Philippines anatulutsa ndinamuonera pafoni ya mdzukulu wanga. Munthu mmodzi, galasi losambira nalo kumaso, kapaipi kopumira kukamwa, mpeni m'manja, akucheka chingwe pansi pa madzi. Ku Manila anthu anaomba m'manja, ndipo kulimba mtima kwake sindikukupeputsa. Koma taganizani, dziko la anthu oposa 110 miliyoni, lokhala ndi chigamulo cha khoti m'manja, likafika potumiza munthu wa mpeni, zinthu zafika pati? Chingwe chinadulidwa, dziwe silinabwerere.

Chigamulocho n'chimene chimandipweteka mtima. Mu January 2013 boma la Philippines, lotsogozedwa ndi Benigno Aquino, linakasumira China potsatira pangano la 1982 lija. Oweruza anali asanu, ndipo wapampando anali mwana wa mu Africa muno, Thomas Mensah wa ku Ghana. China inakana kukaonekera. Inati mlanduwu ndi wa umwini wa zilumba ndi malire, nkhani zimene inanena kale mu 2006 kuti sidzapita nazo ku makhoti otere. Oweruza anapitiriza, ndipo pa 12 July 2016 ku The Hague anagamula kuti timizere 9 tija tilibe maziko m'malamulo. Anati pa zilumba zonse za Spratly, gulu la tizilumba ndi matanthwe olimbirana chakum'mwera kwa nyanjayi, palibe n'chimodzi chomwe choyenera kupatsidwa makilomita 370, ngakhale Itu Aba chimene chili m'manja mwa Taiwan, chifukwa thanthwe limene anthu sangakhalepo n'kudzidyetsa okha silibala nyanja. Anatinso China inalakwa kuletsa asodzi a ku Philippines pa Scarborough. Za mwini wa miyalayo sanagamule, poti sizinali m'mphamvu zawo. Boma la Beijing linayankha tsiku lomwelo kuti chigamulocho n'chopanda ntchito. Ndipo mwatsoka, masabata awiri chisanatuluke, ku Manila kunali kutalowa mtsogoleri wina, Rodrigo Duterte, amene anasankha ngongole ndi malonda a ku China. Mu 2021 iye mwini ananena poyera kuti chigamulocho ndi pepala chabe loti angathe kuliponya motayira zinyalala.

Ife a m'mbali mwa nyanja izi sizitidabwitsa. Lamulo lotseka nyanja mu November ndi December kuti chambo chiswane lili m'mabuku, koma gombe limene boti lolondera silifikako, makoka amakokedwa usiku ngati palibe chimene chinalembedwa. Pomwe pa chilumba cha Mbenji kuno ku Salima, a mfumu Makanjira akatseka nyengo yamvula, anthu amatsekadi. Mowa, chamba ndi juga sizipondako. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Mbenji oyang'anira amakhala pomwepo, ndipo wolakwa amadziwa kuti athamangitsidwa dzuwa lisanalowe. Khoti la ku The Hague lilibe boti ndi limodzi lomwe.

Pamene oweruza ankawerenga mapepala, a China ankakumba mchenga. Kuyambira chakumapeto kwa 2013, sitima zokumba zinkayamwa mchenga ndi makorali pansi pa nyanja n'kumathira pamwamba pa matanthwe 7 a ku Spratly, mpaka panamera nthaka yatsopano yokwana mahekitala pafupifupi 1,300. Pa Fiery Cross, Subi ndi Mischief pali mabwalo a ndege otalika pafupifupi makilomita atatu, madoko, zipangizo za radar ndi mosungira zida. Pa Mischief pomwepo, mu 1995, a China atamanga timisasa pa mizati ankati ndi pobisala asodzi. Mu September 2015 mtsogoleri wa China Xi Jinping ali ku White House anati alibe maganizo oikapo zida zankhondo. Lamulo limati chilumba chomanga ndi manja sichiwerengedwa. Chabwino, koma ndege yankhondo ikuterapo.

Pafupi ndi Mischief pali malo amene ine ndimawaopa kuposa onse, Second Thomas Shoal, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku chilumba cha Palawan cha dziko la Philippines. Mu 1999 a Philippines anatenga sitima yakale yotchedwa Sierra Madre, yopangidwa ku America nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kuigunditsa dala pa matanthwe kuti ikhale chikhomo chawo. Ikadali pomwepo. Dzimbiri laidya moti pena asilikali amayala matabwa kuti asagwere m'mabowo. M'menemo mumagona kagulu kochepa ka asilikali, odalira mpunga, madzi ndi mafuta obwera pa maboti kuchokera kumtunda. A China amati chakudya chipite koma simenti ndi zitsulo ayi. Nzeru yake ndi yoonekeratu. Akudikira kuti dzimbiri ligwire ntchito imene mzinga ukanagwira, sitimayo ikadzasweka yokha iwo adzalowe ngati opulumutsa anthu.

Maboti onyamula chakudya akhala akupoperedwa madzi amphamvu othyola magalasi ndi kuvulaza anthu. Mu February 2023 a Philippines anadandaula kuti alonda awo anawalitsidwa kuwala kwa laser m'maso. Pa 17 June 2024 zinafika poipa. Alonda a panyanja a China anazinga maboti a mphira a asilikali a Philippines, atanyamula mipeni, nkhwangwa ndi ndodo zosongoka. Anaboola maboti, analanda mfuti zimene zinali m'mabokosi, ndipo msilikali mmodzi wa Philippines anaduka chala chachikulu cha kumanja boti lake litagundidwa. Onani bwino zida zimene anasankha. Dziko lokhala ndi sitima zankhondo zambiri kuposa lina lililonse linatumiza anthu a nkhwangwa. Si umphawi umenewo. Philippines ili ndi pangano lotetezana ndi America la 1951, ndipo akuluakulu a ku Washington abwereza kangapo kuti limakhudzanso sitima za boma la Philippines zikathiridwa nkhondo pa nyanja imeneyi. Ndiye a China amachita chilichonse chimene sichingatchedwe nkhondo. Kutsogolo amaika maboti a asodzi amene sasodza, mazana nthawi zina, omangirirana pamodzi. Pambuyo pake sitima zoyera za alonda. Sitima zotuwa zankhondo zimaonerera chapatali.

Tsono America ingatani? Maganizo anga ndi akuti sidzamenya nkhondo chifukwa cha thanthwe. Mayi wa ku Ohio simungamuuze kuti mwana wake wafera mwala umene umamira madzi akadzaza. Zimene ikuchita ndi zomwe ipitirize. Imadutsitsa sitima zake pafupi ndi zilumba zomangazo posonyeza kuti sikuvomereza umwiniwo, monga inayambira ndi sitima yankhondo ya Lassen pafupi ndi Subi mu October 2015. Sitimayo ikadutsa imapita, chilumba chimatsala. Ikubwereranso ku Philippines kumene inachoka mu 1992, aphungu a Senate ya kumeneko atakana kuwonjezera nthawi ya malo ankhondo a Subic Bay. Mwa njira, Mischief inatengedwa patangotha zaka zitatu a America atachoka, ndipo ku Manila salephera kukumbutsana zimenezo. Pangano la 2014 linapatsa asilikali a America mwayi wogwiritsa ntchito malo asanu, ndipo mtsogoleri wa Philippines Ferdinand Marcos Jr anawonjezera anayi mu 2023, ena kumpoto koyang'anizana ndi Taiwan. Mu 2024 anabweretsa chida choponyera mizinga cha Typhon ati n'cha zoyeserera, koma zoyeserera zitatha sichinabwerere kwawo. Japan nayo yathandiza Philippines kupeza sitima zolondera. Zonsezi zimakwiyitsa Beijing, koma sizinabweze dziwe la Scarborough.

Oyandikana nawo aliyense akuvina gule wake. Vietnam inataya asilikali 74 pa zilumba za Paracel mu 1974 ndi ena 64 pa thanthwe la Johnson South mu 1988, ndiye imadziwa kuti China imawombera ikafuna. Siyankhula zambiri, koma zaka zapitazi yakhala ikukumba mchenga n'kukuza matanthwe ake mofulumira, kutengera nzeru kwa mdani. Malaysia imakhala chete n'kumapopa gasi kufupi ndi Sarawak, sitima za China zikuzungulira. Indonesia mu 2017 inasintha dzina la madzi ake kukhala North Natuna Sea. Bungwe la mayiko a m'chigawochi, la ASEAN, linasainirana ndi China chikalata cha makhalidwe mu 2002, ndipo malamulo enieni omanga onse akhala akukambidwa zaka zoposa 20. Mu 2012 ku Phnom Penh analephera ngakhale kutulutsa chikalata cha msonkhano, koyamba m'mbiri ya bungwelo, chifukwa cha nkhani yomweyi. China imakonda kukambirana ndi dziko limodzilimodzi, ndipo chifukwa chake aliyense akuchiona.

Chimene chingayatse moto si chiganizo cha Beijing kapena Washington, koma woyendetsa sitima mmodzi wotentha mutu. Mu April 2001 ndege ya China inagundana ndi ndege yaukazitape ya America pafupi ndi chilumba cha Hainan cha dziko la China, woyendetsa wa China n'kufa, anthu 24 a America n'kusungidwa masiku 11. Mu 2018 sitima ya China inayandikira sitima ya America yotchedwa Decatur mpaka kutsala mamita 40 okha. Mu June 2019 boti la asodzi 22 a ku Philippines linagundidwa ndi sitima ya China usiku pa Reed Bank n'kusiyidwa likumira, anawatola ndi asodzi a ku Vietnam. Pa 11 August 2025 pafupi ndi Scarborough, sitima yankhondo ya China inagunda sitima ya alonda a China omwewo onse akuthamangitsa sitima ya Philippines, mphuno ya sitima ya alondayo n'kuphwanyika. Ikanakhala kuti yaphwanyidwa ndi ya Philippines, bwenzi tikukamba zina. Marcos ananena ku Singapore mu May 2024 kuti nzika ya dziko lake ikadzaphedwa mwadala, zimenezo zidzakhala pafupi kwambiri ndi nkhondo. Mawu otere akatuluka pagulu savuta kunena, amavuta kubweza. Komabe ndikuganiza kuti ngakhale patagwa maliro, mafoni adzalira usiku wonse, ndipo adzapeza potulukira, monga anachitira mu July 2024 pogwirizana za kaperekedwe ka chakudya ku Sierra Madre. Malonda odutsa pa nyanja imeneyi ndi ochuluka zedi, ndipo oyamba kuvulala sitima zikaima ndi China yomwe.

Wina afunsa kuti ife a dziko lopanda doko la nyanja yamchere zikutikhudza pati. Katundu wodzaza m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe, wochokera ku Guangzhou, amadutsa pa madzi omwewo asanafike ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala. Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi china. Nafenso tili ndi mlandu wa malire pamadzi, ndipo mlandu wathu wonse watsamira pa pepala. Pangano la Heligoland la 1 July 1890 pakati pa Britain ndi Germany linaika malire pagombe la kum'mawa kwa nyanja yathu, ndipo atsogoleri a Africa anagwirizana ku Cairo mu 1964 kulemekeza malire amene atsamunda anasiya. Tanzania imati malire ali pakati pa nyanja. Kamuzu ndi Nyerere anakokana nazo mu 1967 ndi 1968, nkhani n'kugona, n'kudzadzukanso mu 2012 boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream. Atsogoleri opuma Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anayesa kuyanjanitsa, zokambirana n'kuima mu 2014. Mlandu suwola, n'zoona, koma pamene ife tikusunga pepala la 1890, anzathu akusindikiza mapu okhala ndi mzere pakati pa nyanja, akuyendetsa sitima zawo, ndipo akukuza doko la Mbamba Bay. Sindikunena kuti Tanzania ndi China, kapena kuti tikonzekere nkhondo ndi abale athu amene mafuta athu amadutsa kwawo. Ndikunena kuti kukhoti la dziko lonse sungakokereko mnzako amene sanavomere ulamuliro wake, ndipo ngakhale chigamulo chituluke, wolephera amatha kuchikana, monga Kenya inachitira mu October 2021 pa mlandu wake wa malire a panyanja ndi Somalia. Nigeria inapereka dera la Bakassi kwa Cameroon mu 2008, zaka 6 khoti litagamula, chifukwa mtsogoleri wake wakale Olusegun Obasanjo anasankha yekha kumvera.

Kuyambira kumapeto kwa 2007, pamene tinasiya Taiwan, China yatimangira nyumba ya malamulo, msewu wa Karonga-Chitipa ndi bwalo la zamasewero la Bingu. Sindikupempha kuti tiwatukwane. Koma dziko laling'ono limene chuma chake cha panyanja chikudalira pangano lakale lisamafulumire kuomba m'manja wamkulu akamanena kuti chigamulo ndi pepala wamba.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Tumizani mtolankhani ku Karonga, Chilumba, Usisya ndi Likoma akacheze ndi asodzi a usipa amene amapita kutali ndi nyali usiku. Awafunse kuti amafika pati asanabwezedwe, amawabweza ndani, ndipo boti la boma lathu analiona liti komaliza kumadzi a kumpoto chakum'mawa. Kenako afunse a unduna wa zamaubale ndi mayiko ena kuti zokambirana za a Chissano zinathera pati, ndipo ndani ali nayo fayiloyo panopa.

Ine wanu,
Mlangizi wa zausodzi wopuma,
Senga Bay, Salima